Ululu wa makoswe a mu labu mumayeza bwanji?

Wa ku Ndirande: Anzanga ndithandizeni, ndikuwerenga za mankhwala opha ululu koma apa pandivuta, khoswe sayankhula nde mumadziwa bwanji kuti wamva kuwawa?

Wa ku Chilomoni: Pali timaulusi ta von Frey. Khosweyo mumamuika pa waya wonga sefa, mumusiye kaye akhazikike, kenako mumamugunda kuphazi kuchokera pansi mpaka kaulusiko kapindike, akathawitsa phazi kapena kulinyambita ndekuti wamva. Timaulusiti ndi tosiyana mphamvu, mumalemba kamene kamudzidzimutsa.

Wa ku Zingwangwa: Palinso hot plate, chitsulo chotentha cha m'madigiri 55 Celsius, mumamuikapo khosweyo nde mumawerenga masekondi mpaka atanyambita phazi kapena kudumpha. Koma chonde nthawi yoikika ikakwana muchotseni asapse, tinyamati timandimvetsa chisoni ine.

Wa ku Ndirande: Zikomo achimwene ndi achemwali, zomusiya akhazikikezo sindimazidziwa.