Za chipilala cha asilikali a Keyala pa bwalo la sukulu

Mlembi: Akuluakulu nonse, pa msonkhano wapitawu tidamvana kuti ndalama zotsala pa ntchito ya mjigo timangire chipilala chaching'ono pa bwalo la sukulu, chokumbukira anthu a kwathu amene adamenya nkhondo m'gulu la King's African Rifles, lomwe makolo athu ankalitcha Keyala. Komiti yakonza zoti pamwamba palembedwe kuti "Asilikali athu odzipereka, 1914–1918 ndi 1939–1945". Tikupempha maganizo anu tisanapite kwa wosema mwala.

Mphunzitsi wopuma: Zikomo a Mlembi. Chipilalacho ndikuchivomereza, koma mayina amene asonkhanitsidwa ndi a anthu ogwira mfuti okhaokha, ndipo apa mpamene mtima wanga ukukana. Pa nkhondo yoyamba, imene agogo athu ankaitcha ya Chiwaya, asilikali ochokera ku Nyasaland adali pafupifupi 19,000, pomwe amtengatenga adayandikira 200,000. Gulu la General Northey, mkulu wa asilikali a Britain, litadutsa malire a kumpoto mu 1916 kukalimbana ndi Ajeremani, misewu ya galimoto idali yosowa ndipo ziweto zonyamula katundu zinkafa ndi kashembe, choncho ufa ndi zipolopolo zinkayenda pamutu pa munthu, ovulala m'machira. Ambiri sadapite mwa kufuna kwawo, chifukwa amesenjala a boma ankafika kwa amfumu ndi chiwerengero cha amuna ofunika, ena nkumagwidwa usiku m'nyumba zawo. Kamwazi, malungo ndi njala zidapha ochuluka m'njira. Kodi amenewa tiwasiye chifukwa sadavale yunifolomu?

Mayi wa ku Johannesburg: Aphunzitsi, mwalankhula zoona, komabe tisaiwale kuti odzipereka adaliponso. Agogo anga aamuna adakalembetsa okha ku Zomba pa nkhondo yachiwiri, pofuna malipiro olipirira msonkho, ndipo adakafika ku Burma ndi 11th East African Division, imene mu 1944 idatsika chigwa cha Kabaw mvula ili pakati mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin. Mendulo yawo yooneka ngati nyenyezi tikuisungabe m'kachitini, pamodzi ndi pepala lowatulutsa usilikali lokhala ndi nambala yawo. Nkhawa yanga ndi yakuti msilikali ali ndi nambala yotsimikizira, pomwe wamtengatenga alibe, ndiye tikatsegula khomo banja lililonse lidzabweretsa dzina, ndipo tidzayambana pa nkhani ya akufa.

Msungichuma: Ine ndingokumbutsa kuti wosema amalipiritsa pa chilembo chilichonse, ndipo denga la kalasi ya sitandade 3 likudonthabe. Nsanja yokumbukira asilikali a Keyala ilipo kale ku Zomba.

Mphunzitsi wopuma: Ilipodi bambo Msungichuma, koma mwana wa sitandade 3 ameneyo adzapita liti ku Zomba? Kwa mayi athu a ku Johannesburg ndikuti tisalimbane ndi kusema dzina la wamtengatenga aliyense. Pamwala pakhale mzere umodzi wokumbukira onse amene adasenza katundu wa nkhondo, kenako tigule kaundula wokhala ku ofesi ya ahedi, momwe banja lililonse lingalembetse zimene lidamva kwa makolo, ndipo pamene pali nambala kapena pepala tizisonyeza. Magulu a Keyala a ku Nyasaland adayenda kwambiri, kuyambira pa nkhondo ya ku Karonga mu September 1914 mpaka ku Ethiopia mu 1941 ndi ku Madagascar mu 1942, kotero ana adzaphunzirapo mbiri ndi mapu omwe. Koma mawu akuti "odzipereka" achotsedwe. John Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914 kudandaula kuti Aafirika akufera nkhondo yosakhala yawo, ndipo ife sitingaseme pamwala ngati kuti onse adapita mokondwa.

Mayi wa ku Johannesburg: Kaundulayo ndikugwirizana naye. Mawuwo ndikadakonda akadatsala chifukwa cha agogo anga, koma sindiumirira ngati mzere wa asilikali ukhale ndi dzina la gulu lawo.

Wapampando: Ndamva nonse. Wosema ayambe wadikira. A Mlembi alembere mafumu athu kuti aitanitse mayina ndi mapepala, aphunzitsi akafufuze ku National Archives ku Zomba, ndipo a Msungichuma atibweretsere mtengo wa malata ndi wa mwala mosiyanitsa kuti Loweruka tidzavote tikudziwa chimene thumba lingakwanitse.