Anthu sakulankhula pamsonkhano wa chipatala, tichite bwanji?

In-charge, chipatala chaching'ono chakumudzi: Mwaswera bwanji nonse. Ndigawireni nzeru. Pulani ya chipatala ya chaka chamawa sitikuyenera kulemba tokha, anthu a m'midzi yozungulira aikepo maganizo awo. Ndi momwe ikufunira HSSP III, ndondomeko ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030 ija, ndipo ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Koma msonkhano umene tinachita sabata yatha unandifoola nkhongono. Kunabwera anthu ochepa, ambiri amuna. A gulupu analankhula, apampando a komiti ya chipatala anathokoza, otsalawo anangowomba m'manja. Chonsecho kumjigo ndi kumsika amadandaula kuti timatsegula mochedwa komanso kuti mankhwala amasowa. Kwa a DHO, oyang'anira zaumoyo m'boma lathu, ndikapereke chiyani?

Mlangizi wamkulu wa zaumoyo: Bwana, munawaitanira kuti, nthawi yanji? Ngati ndi pachipatala m'mawa, nyengo ino anthu ali kalikiliki kupalira, amene anabwerawo muwathokoze. Koma vuto lalikulu si limenelo. Mayi amene mawa abwera kusikelo sangaimirire pamaso pa namwino amene adzamuthandize pobereka n'kunena kuti amalalata. Sangatsutsenso mawu a gulupu. Pitani kwawoko, masana, tsiku lopanda msika. Amayi akhale paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, mafumu paokha, ndipo wovala yunifolomu asayandikire. Otsogolera zokambirana akhale a VHC, komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ochokera mudzi wina.

Namwino mzamba: Zoona zimenezo achimwene. Ife tinagwiritsa ntchito scorecard, njira imene a CARE Malawi anayambitsa mu 2002. Gulu lililonse limasankha lokha zinthu zoti liyeze, monga nthawi yotsegula, kupezeka kwa mankhwala, ulemu, ukhondo wa zimbudzi, kenako n'kupereka malikesi kuyambira 1 mpaka 5 ndi chifukwa chake. Nafenso ogwira ntchito timadziyesa patokha. Pamapeto mbali ziwirizi zimakumana, ndipo zimene zimawerengedwa ndi malikesi a gulu, osatchula kuti wanena ndani. Zimawawa kumva kuti pa ulemu mwapeza 2, koma kwathu ndi m'mene inatulukira nkhani yoti amayi a pachidikiro amaopa kutigogodera usiku. Palibe akanainena pagulu.

Clinical officer wa m'tauni: Zonsezo n'zabwino, koma tinene chilungamo. Kuno ku tauni munthu akasiya geni yake kapena ganyu, funso lake loyamba ndi la alawansi. Popanda kanthu ngakhale a komiti enieniwo sabwera. Ndalama zake muzitenga kuti?

Mlangizi wamkulu wa zaumoyo: Adokotala, apo ndikukanani pang'ono. Alawansi tinawazoloweretsa ndife, ndi misonkhano yopanda zotsatira. Munthu amene walankhula kawiri katatu osaona kusintha amaona kuti chimene angapindule ndi envelopu basi. Wa komiti amene wachokera kutali mubwezereni ndalama yoyendera, n'zoyenera. Koma msonkhano wa pamudzi pake sulira alawansi. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 ija anthu ankasonkhana kudzalandira kolorini popanda wowalipira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Clinical officer wa m'tauni: Kumudzi mwina. Kuno ndikaonabe. Chimene ndayesa n'kutheka ndi kupempha mphindi zochepa kutchalitchi, kumzikiti ndi m'magulu a banki m'khonde, anthu atasonkhana kale pazawo.

Wa ku famase: Ndiikepo za mankhwala, chifukwa nkhani imeneyi idzatuluka ndithu. Anthu akamva kuti mankhwala a malungo a LA atha, maganizo awo amathamangira kwa ife kuti tagulitsa. Musakangane nawo. Galimoto ya mankhwala ikafika, a komiti awiri azikhalapo, awerenge makatoni pamodzi nafe, asaine. Muwaonetse zimene tinaitanitsa ndi zimene zabwera. Kenako pakhomo pa OPD, polandirira odwala oyendera, pakhale bolodi lolembedwa m'Chichewa mankhwala amene alipo ndi amene palibe, lizisinthidwa sabata iliyonse. Wa komiti amene waona ndi maso ake amakafotokozera anzake bwino kuposa ife, ndipo akakanena ku ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera, ndi kukhonsolo mawu ake amalemera.

Wolandira madandaulo pachipatala: Musatiiwale ifenso. Ntchito yathuyi ya hospital ombudsman inayamba mu 2018, koma odwala ambiri sadziwa kuti tilipo. Bokosi la madandaulo lisakhale pakhomo pa ofesi ya in-charge, ndipo kiyi wina asunge a komiti. Agogo osadziwa kulemba bokosilo siliwathandiza, choncho pamsonkhano muwauze anthu amene angamufikire pakamwa.

In-charge: Zikomo kwambiri nonse. Ndikakamba ndi a gulupu mawa kuti atipatse masiku m'midzi itatu, masana. Ndikuopa chimodzi. Akadzapempha ambulansi kapena namwino wina, zimene si za mphamvu zanga, ndidzati chiyani?

Namwino mzamba: Musalonjeze, bwana. Pamaso pawo pomwepo gawani zopempha patatu: zimene chipatala chingakonze chokha, zimene mudzi ungachite, ndi zopita kwa a DHO ndi kukhonsolo. Chilichonse chikhale ndi mwini wake ndi tsiku lake. Nthawi yotsegula ili m'manja mwanu, yambani ndi imeneyo sabata yomweyo. Za ambulansi lembani kalata pamodzi ndi a komiti, a gulupu adinde chidindo, akhansala alandire kope. Ikatha miyezi itatu mubwerere m'midzi yomweyo kukanena zimene zatheka ndi zimene zakanika.

Mlangizi wamkulu wa zaumoyo: Fomu ya scorecard ya m'Chichewa ndili nayo, ndikutumizirani madzulo ano. Koma zoyezazo musawalembere, asankhe okha.