Kodi “kuona maso a nkhono n'kudekha” ndi kudikira basi?

Akuluakulu, ndithandizeni pa mwambi uwu, wandikhala mumtima sabata yonse.

Galimoto yanga ya Probox imene ndimanyamulira nsomba kuchokera ku Makawa kubwera nazo pa Mangochi Boma inayamba matenda odabwitsa. Tsiku lina imalira bwinobwino, mawa lake ukapotoza kiyi imangoti “ke ke ke” basi. Ndinagula batire latsopano, vuto osatha. Makaniko wina anati ndi sitata, anamasula, anasintha mabulashi, ndalama zinapita. Patangotha masiku atatu inandifera ndili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, dzuwa lili paliwombo, chambo chili kumbuyo, ayezi akusungunuka.

Ndiye anandilozera kwa bambo ena achikulire odziwa zamagetsi a galimoto. Iwowa sanathamangire sipanala. Anayika mita pa batire, inawerenga ma volts 12.6. Itavomera kulira anayezanso, 14.2, nati, “Mwana wanga, alternator ikutchaja, batire lako n'labwino.” Anayang'ana mafyuzi limodzilimodzi, anamvetsera relay. Kenako anayamba kutsatira waya wakuda wochoka ku negative ya batire ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, mpaka pamene umamangidwa pa bodi. Bawuti inali yokhwepa, pansi pake dzimbiri lokhalokha. Anapala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, anamanga, galimoto inalira kamodzin'kamodzi.

Akupukuta manja ndi pamene anati, “Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

Ine ndinakula ndikudziwa kuti mwambiwu umanena za kudikira. Koma bambowa sanadikire kanthu, ntchito yonse sinakwane ola. Chimene ndinaona n'chakuti sanagwedeze chilichonse asanachimvetse. Paja nkhono maso ake ali kunsonga kwa tinyanga take, ukangoikhudza imatibweza mkati, ndipo ngakhale ukhale pomwepo tsiku lonse ukuigogoda sudzawaona. Waya wokhwepa amachitanso chimodzimodzi: ukaugwedeza umagwira kwa kanthawi, vuto n'kubisala, iwe n'kumati lachira.

Ndiye funso langa ndi ili. “Kudekha” kwa makolo kunali kuleza mtima podikira, kapena kuugwira mtima ndi manja omwe kuti usasokoneze chimene ukufuna kuona? Nanga anzathu a ku Namwera ndi ku Malindi, m'Chiyawo muli mwambi wofanana nawo? Ngati ulipo ndilembereni momwe agogo anu ankaunenera.