Gulu la Chitukuko cha Kwathu: za galimoto ya odwala

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Achimwene athu aku Joni apereka Toyota Hiace kuti izinyamula odwala kwathu. Akuti zimene zawachitikira malume awo, omwe anamwalira ndi vuto la mtima sabata yatha ali pa ulendo wa kuchipatala, zisadzachitikenso. Galimoto ifika pa Mwanza kumapeto kwa mwezi, ife tisonkhe za msonkho wa MRA ndi mafuta.

Mayi a Mvano: Ambuye akudalitseni mwanawe 🙏

Aphunzitsi opuma: Tathokoza mphwanga. Koma ndifunse, galimotoyo idzawoloka pati? Mlatho unapita ndi Freddy mu Malichi 2023, mpaka lero tikuyenda pa mitengo. Tinasonkha pagulu pompano. Simenti ili kuti?

Msungichuma: Aphunzitsi, izi tinafotokoza pa msonkhano wa Khirisimasi. Kwacha inagwa ndi 44%, simenti inakwera.

Aphunzitsi opuma: Kwacha inagwa mu Novembala, inu ndalama munalandira mu Epulo. Miyezi yonseyo mumadikira chiyani? Ine masamu ndaphunzitsa mpaka kupuma, musandinamize. Malisiti basi.

Anamwino aku Leeds: Pepani makolo, ndilowererepo. Galimoto ndi yabwino, koma nthawi yambiri imatayikira kunyumba. Pa vuto la mtima lija magazi amaundana n'kutseka mtsempha wodyetsa mtima, ndiye mnofu wa mtima umayamba kufa. Mankhwala osungunula magaziwo amathandiza kwambiri m'maola oyambirira, pakadutsa maola 12 phindu lake limakhala lochepa. Munthu akamva kulemera pachifuwa, ululu n'kumatsikira kumkono wamanzere kapena kukwera kunsagwada, thukuta kamukamu, phuma, musadikire kuti kuche. Atafune aspirin wa 300mg ngati samuwenga ndiponso alibe zilonda zam'mimba zotaya magazi, ulendo uyambe pomwepo. Amayi ndi odwala shuga nthawi zina amangomva ngati chilungulira kapena kufooka.

Mwana wa malemu: Ndiye asisi mukuti tinawapha ndife?

Anamwino aku Leeds: Ayi achimwene, sindinatero.

Mwana wa malemu: Kulankhula n'kosavuta muli ku Ulaya. Ababa anayamba titangodya nsima yamadzulo, amati ngati wina wawasenzetsa thumba la chimanga pachifuwa. Tinawapatsa madzi a soda, abusa anabwera kudzapemphera. Wa kabaza anakana, amati usiku kumtsinje sapita. Kutacha tinawawolotsa pa machila. Kuchipatala chaching'ono anangowayeza BP, makina oonera mtima kulibe, ambulansi ilibe mafuta. Pomwe timapeza ndalama ya mafuta dzuwa linali pamutu. Anatisiya tisanafike kuboma.

Aphunzitsi opuma: Mwamva? Pa machila. Mlatho ukanakhalapo galimoto ya kusitolo ikanafika pakhomo usiku womwewo. Imfa iyi ena aisenze.

Msungichuma: Samalani pakamwa aphunzitsi. Za njerwa za kusukulu, inu muli wapampando, ifenso tingazikumbe.

Aphunzitsi opuma: Kumbani. Njerwa zija zinagwa ndi mvula aliyense akuona, ndipo ndinalemba lipoti la masamba atatu. Lanu lili kuti? Komanso mundiuze, galimotoyi kiyi azisunga ndani? Chifukwa ndikudziwa, pakutha pa chaka izidzanyamula nandolo kupita ku Limbe, wodwala ali gone pakhonde.

Wachinyamata: Dalaivala ndilipo ine, laisensi ndili nayo.

Mayi a Mvano: Iwe amene unagwetsera njinga yamoto ya tchalitchi mu dimba?

Wachinyamata: Amayi mabuleki anali akutha kale 😂

Anamwino aku Leeds: Tisaiwale china. Ngakhale afike kuboma, ena amafunika kutumizidwa ku Queens ku Blantyre, ndiye mafuta akhale osungiratu, osati kuyamba kuyenda ndi mbale wodwala ali m'galimoto. Ine ndigula makina awiri oyezera BP, anthu aziyezedwa Lamlungu akaweruka. Ambiri kwathu BP ali nayo osadziwa. Nambala ya Chipatala Cha Pa Foni ndi 929, isungeni.

Aphunzitsi opuma: Makinawo musatumize kudzera ku komiti, mwana wanga. Ndakuuzani.

Aku Joni: Abale, ine ndapereka galimoto chifukwa cha malume, osati kuti muzitukwanizana. Ikakhalitsa pa Mwanza ndalama yosungira izikwera. Mundiuze lero, nditumize kapena ndigulitse konkuno?

Aphunzitsi opuma: Tumizani, koma isalembedwe m'dzina la munthu. Ndipo aphungu ayankhe kaye za CDF, mlatho ndi ntchito yawo, ife tinangopusa kusonkha.

Msungichuma watuluka pagulu.

Mlembi: Ndiye ndalama tizitumiza pa nambala ya ndani? Apampando, tithandizeni.

Wapampando: Ndili kumunda, netiweki ikuvuta. Ndiwerenga madzulo.