Yesu wopanda ndevu uja, yankho ndalipeza

Masabata awiri apitawo ndinafunsa za chithunzi cha mnyamata wopanda ndevu, atanyamula nkhosa paphewa, koma pansi pake atalemba kuti ndi Yesu. Ndinkati wolembayo analakwitsa. Ayi ndithu, wolakwa ndinali ineyo.

Chithunzicho n'cha m'manda a pansi pa nthaka a Callixtus ku Rome, cha m'zaka za m'ma 200. Akhristu a nthawiyo ankakonda kujambula M'busa Wabwino ali wachinyamata, tsitsi lalifupi, malaya olekeza m'mawondo. Kajambulidweka anakapeza kalipo, poti Agiriki ndi Aroma ankasema kale ziboliboli za munthu wosenza nkhosa. Ngakhale ku Dura-Europos ku Syria, m'nyumba imene inasandutsidwa tchalitchi cha m'ma 240, Yesu wochiritsa wopuwala uja chibwano chake n'chosalala.

Ndevu zinayamba kuoneka m'zaka za m'ma 300, monga m'manda a Commodilla ku Rome komweko. Nkhope imene tinaizolowera pa makalendala a kutchalitchi imayandikana ndi ya kunyumba ya amonke ya St Catherine ku Sinai, ya m'zaka za m'ma 500, yojambulidwa pathabwa ndi utoto wosakaniza ndi phula la njuchi. Mukaiyang'anitsitsa, diso lina ndi lofatsa, linalo lokalipa.

Chandidabwitsa koposa ndi mtanda. Kupachikidwa kunali imfa ya akapolo ndi zigawenga, motero ojambula anachedwa kukuonetsa. Chimodzi mwa zithunzi zoyambirira chili pa chitseko chathabwa cha tchalitchi cha Santa Sabina ku Rome, cha m'ma 430, ndipo n'kagawo kakang'ono pakona yapamwamba, koti wosadziwa angangodutsa.