Thiraki yanga ya rimoti siikuyenda molunjika, ndithandizeni

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi thiraki yachidole ya rimoti ya 1/10 (yochepa kakhumi poyerekeza ndi thiraki yeniyeni) yoyendera batire, ndipo masiku ano ikumapatukira kumbali ngakhale ndisakukhudza chiwongolero. Ndikaikonza ndi trim (kabatani ka pa rimoti kosunthira matayala akutsogolo pang'onopang'ono kuti akhale pakati) imayenda bwino kwa kanthawi. Koma ndikangokhota mwamphamvu kamodzi, matayala akutsogolo sabwereranso pakati penipeni. Pena amatsalira kumanzere, pena kumanja, ndipo zimenezi n'zimene zandisokoneza mutu kwambiri.

Ndinamasula servo horn (kamkono ka pa servo, kamota kamene kamakhotetsa matayala akutsogolo), n'kuyatsa rimoti trim ili pa 0, kenako n'kuibwezera molunjika. Ma tie rod (tizitsulo tokoka ndi kukankha matayala akutsogolo pokhota) ndinawayeza, ndi ofanana kutalika. Matayala ndi abwinobwino, mabering'i akuzunguliranso bwino.

Chimene ndikuchikayikira ndi servo saver, kachipangizo ka sipuling'i koteteza servo matayala akagunda chinthu. Ndikagwedeza matayala ndi dzanja galimoto ili yoyatsa, amayamba asewera pang'ono servo isanalimbe. Kodi ndi sipuling'i ya servo saver yafooka, kapena potentiometer (kachipangizo kodziwitsa servo pamene yafika pozungulira) ya m'kati mwa servo ndiyo yatha? Ndingasiyanitse bwanji ziwirizi ndisanawononge ndalama pogula servo yatsopano?

Funso lina, ndaona kuti vutoli limakula batire ikayamba kutha. Kodi BEC (kachipangizo kotenga magetsi ku batire n'kupatsa servo) ikamapereka mphamvu yochepa, servo ingalephere kubwerera pakati? Amene munakumanapo nazo, chonde ndiuzeni poyambira.