Tizigoba ta nkhono m'matope a m'chigwa: tinali pomwepo kapena tinabwera ndi madzi?

Wophunzira_Nthaka:
Abale, ndithandizeni. Tinasefa matope ochokera pakhoma la mtsinje, ndipo mu sefa ya 0.5 mm munatsala tizigoba ta nkhono, tina toti popanda maikulosikopu sungatione bwino. Aphunzitsi akuti timasonyeza ngati pamalopo panali nkhalango kapena udzu zaka masauzande zapitazo. Chikundivuta n'chakuti mtsinje ukasefukira umakokolola zinthu zakumtunda. Ndiye tikhulupirira bwanji kuti nkhonozi zinkakhala pomwepo?

NaBanda:
Funso lanu ndi lenilenidi, achimwene. Yambani mwayang'ana tizigobato tokha. Tokokoledwa timakhala tosweka, toperepeseka, ndipo nkhono za m'madzi monga Valvata piscinalis zimasakanikirana ndi zapamtunda zoti sizikanakhala malo amodzi. Zofera pomwepo zimakhala zathunthu, zing'onozing'ono ndi zazikulu pamodzi. Powerenga, werengani nsonga zokha, chifukwa chigoba chimodzi chikasweka chimaoneka ngati nkhono zisanu.

Ine ndimadalira kwambiri tufa, miyala ya laimu yofewa ija imene imaundana pa kasupe. Madzi a pamenepo sathamanga, choncho zambiri zimakwiririka pafupi ndi pomwe zinkakhala. Ku Holywell Coombe, pafupi ndi Folkestone ku England, akatswiri anafukula tufa wotere asanamange Channel Tunnel, njanji yodutsa pansi pa nyanja pakati pa England ndi France, ndipo Richard Preece ndi David Bridgland analemba zimene anapeza. M'munsi munali nkhono za malo opanda mitengo monga Pupilla muscorum. Nyengo yaitali imene dziko linazizira kwambiri itatha, zaka pafupifupi 11,700 zapitazo, pang'onopang'ono kunabwera zokonda mthunzi, Carychium tridentatum kenako Discus rotundatus, pamene nkhalango inkawirira. Nkhono siyenda mtunda wautali, n'chifukwa chake imanena za malo enieniwo, pomwe mungu wa mitengo umatha kuuluka kuchokera kutali.

Mdala_wa_Miyala:
Mayi anena zoona, koma chenjerani pa nkhani ya zaka. Nkhono zina zimadya laimu wakale kwambiri pomanga chigoba, ndiye kaboni 14, njira yoyezera zaka za zinthu zomwe zinali zamoyo, amakuuzani zaka zochuluka kuposa zenizeni, nthawi zina mpaka 3,000. Mukapeza njere kapena makala mumzere womwewo wa matope, yezani zimenezo. Komanso mzere wopanda zigoba sutanthauza kuti nkhono kunalibe. Dothi la asidi limazisungunula zonse.

Wophunzira_Nthaka:
Zikomo mayi, zikomo bambo. Zathu zambiri ndi zathunthu, koma pali mzere umodzi wamchenga momwe za m'madzi ndi zapamtunda zaunjikana pamodzi, zosweka. Umenewo tiuchotse pa chiwerengero?

NaBanda:
Ayi, musauchotse, uwerengeni pawokha. Suukuuzani za zomera za pamalopo, koma ukukuuzani kuti nthawi imeneyo mtsinje unasefukira. Onaninso ngati pamwamba pake mitundu ya nkhono yasintha.